Lachiwiri, 19 Januwale 2021: mtima sukukhala m'malo

Usiku wathawu tulo sindinatione. Nditangogona, pachifuwa panayamba kuthina, mpweya nkumaperewera. Ndinadzuka kukanunkhiza sopo kubafa, poti akuti matenda a Covid-19 akakugwira mphuno imasiya kumva fungo. Fungo ndinalimva, thupi silinatenthe, kutsokomola ayi. Komabe mantha sanandichoke mpaka atambala kulira.

Lero yakwana sabata chimwalirireni a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, nduna ziwiri tsiku limodzi. Kuyambira pamenepo funso langa ndi limodzi: ngati Covid-19 ikutenga anthu oti sangasowe thandizo, nanga ife a kuno ku Chilomoni? Ukatsegula WhatsApp m'mawa, ndi zithunzi zokhazokha za anthu amene atisiya. Sukulu nazo atseka kwa masabata atatu monga analengezera a Chakwera Lamulungu, ndiye ine mphunzitsi ndangokhala pakhomo, mutu uli ndi mpata wonse woganiza zoipa.

Koma zanga n'zochepa. Masana ndinapita kwa achimwene kukawasiyira ndiwo. Anabwera kuchoka ku Johannesburg mu Disembala ntchito itawathera, ndipo chifikireni anthu oyandikana nawo akhala akunong'onezana kuti matenda atsopano a ku Joni abwera ndi iwowo. Ana a pafupi anawaletsa kusewera pakhomopo. Poyamba achimwene ankangoseka. Pano masiku angapo apita asakutuluka m'chipinda.

Ndinagogoda. "Achimwene, ndine mlongo wanu, tsegulani."

"Achemwali, siyani pakhomo pomwepo. Akutumani ndani?"

Mawu amenewo anandilasa. Munthu amene anandilipirira fizi ya sekondale lero akundifunsa kuti wandituma ndani. Alamu anandikokera kuseri nkundifotokozera zonse. Akuti achimwene usiku sagona, amayendera mawindo kuona ngati atsekedwa. Nsima sadya pokhapokha ataona ikuphikidwa. Amadzifukiza ndi masamba a bulugamu m'mawa ndi madzulo mpaka nkhope yasupuka. Galimoto ikaima pamsewu amati ndi anthu a zaumoyo abwera kudzawatenga, ndipo za kuchipatala safuna kuzimva, ati kumeneko akubaya anthu jakisoni wowapha. Bodza limenelo lafala kwambiri m'mafoni, ndipo likupweteka anthu amene mitima yawo inali yosweka kale.

Madzulo aliwonse boma limatiuza chiwerengero cha amene apezeka ndi kachiromboka ndi amene amwalira. Ku Bingu National Stadium ndi ku State House ya ku Zomba akukonzako malo ogonekera odwala, ndipo nkhani ya masilinda a okosijeni ili pakamwa pa aliyense. Zonsezo n'zofunika, sindikutsutsa. Koma munthu ngati achimwene sali m'chiwerengero chilichonse. Kwathu kuno tikaona zotere timangoti akuganiza kwambiri, ena amati amulodza, enanso amati mwamuna alimbe mtima. Ukangotchula chipatala cha odwala maganizo cha ku Zomba, abale amakuyang'ana ngati watukwana. Chonsecho apolisi ananena chaka chathachi kuti anthu odzipha achuluka, ndipo ambiri mwa iwo ndi abambo. Ndicho chifukwa ndinapempha alamu kuti mankhwala a makoswe ndi othira m'chimanga awachotse m'nyumbamo lero lomwe. Anandiyang'ana, nkuyamba kulira, koma anawachotsa.

Ndinakhala pansi kunja kwa chitseko chija nkumawasimbira achimwene za kumudzi, za chimanga cha amayi chomwe akuti chabiriwira bwino ndi mvula ya chaka chino. Za matenda sindinatchule. Patapita nthawi anafunsa ngati amayi anapeza feteleza wotsika mtengo wa boma wa AIP, ndipo tinachezako pang'ono, chitseko chili chitsekere.

Pobwerera m'minibasi mayi wina anatsokomola, tonse nkutembenuka nthawi imodzi, iye nkuwerama ndi manyazi. Nanenso ndinatembenuka nawo.

Mawa ndiimba 54747, nambala yaulere ija ya Chipatala Cha Pa Foni, ndifunse kumene tingapeze namwino woona za matenda a maganizo kuno ku Blantyre, ndipo ndiwauzanso za kubanika kwanga kwa usiku. Amalume avomera kubwera Lachinayi kuchoka ku Ntcheu, poti achimwene mawu a amalume sawakana. Amayi sitinawauze kanthu. Ali ndi BP, ndipo ine ndi alamu sitinagwirizane kuti awauze ndani.