Nyumba Yanga ya ku Stone Town

Ndisanalipire gawo la m'mwamba la nyumba yosanja imene ndinagula ku Stone Town, pa chilumba cha Zanzibar, ndinayamba ndafufuza chimene amisiri anamatira makoma pokonzanso. Nyumba zakale za m'tauniyi anazimanga ndi miyala ya m'nyanja yolumikizidwa ndi laimu, ndipo laimuyo amalola chinyezi kutuluka, pamene simenti imachitsekera m'kati mpaka khoma limayamba kufufuma ndi kugumuka, makamaka mvula ya Marichi mpaka Meyi ikagwa. Nditapala pang'ono kuseri kwa chitseko, chala changa chinayera ndi laimu, ndipo mtima unakhala pansi.

Zipinda zake n'zazitali koma zopapatiza, chifukwa denga lililonse limakhala pa mitanda ya mitengo yomera m'mphepete mwa nyanja, imene sitalika kwenikweni. Bedi lalikulu likalowa, malo oyendamo amatsala ochepa. Ena amadandaula nazo, koma ine ndimaona kuti makoma okhuthalawo amaziziritsa m'nyumba bwino kwambiri.

Za mapepala ndiye zimafuna loya wa komweko. Malo onse ku Zanzibar ali m'manja mwa boma, choncho mlendo amangopatsidwa chilolezo chowagwiritsa ntchito kwa zaka zoikika. Komanso UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika tauniyi pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 2000, ndipo mwininyumba sangasinthe zenera, khonde kapena chitseko chosemedwa popanda chilolezo cha bungwe losamalira Stone Town, ndipo wogula ayenera kuonetsedwa zilolezo za ntchito yonse imene inachitika kale.