Theme yathu yafika pa 2.0, ndipo ma comment akuwerengeka tsopano

Sabata ino tatulutsa version 2.0 ya theme (mitundu ya maonekedwe) yathu ya VS Code, pulogalamu yolemberamo code, ndipo sitibisa, tikunyadira. Cholinga sichinasinthe chiyambireni: munthu amene amakhala pa code kuyambira m'mawa mpaka usiku asamadzuke pampando maso akuwawa.

Theme ndi fayilo ya JSON basi. Gawo la "colors" limapaka zonse zozungulira code monga sidebar ndi terminal, la "tokenColors" limapereka mtundu ku mawu a code potsatira ma scope a TextMate (maina osonyeza gulu la mawu aliwonse), pomwe la "semanticTokenColors" limagwira ntchito language server (pulogalamu yomva chilankhulo cha code) ikazindikira kuti dzina ili ndi parameter, ilo ndi class. Kulemba fayiloyi n'kosavuta, pamene pali ntchito ndi pa kudziletsa. Ife code timaipatsa mitundu isanu yokha, yonse yozizira, ndipo wofiira tinausungira ma error okha. Kumbuyo sitiika wakuda bii. Zilembo zoyera mbee pa #000000 (wakuda bii) zimasiyana ndi kumbuyo kwake pa kuwala ndi 21:1, n'chifukwa chake zimathobwa m'maso mukayang'ana nthawi yaitali. Ife timaika zilembo za #D0D0D0 (zotuwa mowala) pa #1E1E1E (wakuda pang'ono), zomwe zimapereka pafupifupi 11:1.

Pamene tinagwa ndi pa ma comment, mawu ofotokozera amene amalembedwa mkati mwa code. Pofuna bata tinawapaka #666666, ndipo pa monita yabwino imene tinkayesera ankaoneka mwaulemu. Kenaka madandaulo anayamba kubwera. Pa laputopu yochepetsedwa kuwala pofuna kusunga batire, kapena pa pulojekita m'kalasi, ma comment ankangosowa, ngati palibe chimene chinalembedwa. Ena ogula phukusi lathu lolipira anapempha kubwezeredwa ndalama, ndipo tinawabwezera. Titayeza tinapeza 2.9:1, pomwe muyezo wa WCAG, woonetsetsa kuti zolemba pa intaneti zikuwerengeka kwa aliyense, umafuna 4.5:1 pa zilembo wamba. Cholakwa chinali chathu: tinakhulupirira maso athu pa sikirini imodzi. Tsopano ma comment ali pa #8A8A8A, pafupifupi 4.8:1, ndipo tinalemba script yoyeza mtundu uliwonse tisanapakire fayilo ya theme (.vsix) ndi chida cha vsce. Umodzi wokha ukatsika pa 4.5:1, palibe chimene chimatuluka.

Kuyezaku kunatiululira zinanso. Mu diff, moonetsa mizere ya code yomwe yasintha, tinkadalira wofiira ndi wobiriwira, chikhalirecho mwamuna mmodzi mwa 12 aliwonse amavutika kusiyanitsa mitundu iwiriyi. Mizere yowonjezedwa tinaikokera ku buluu, ndipo tinaisiyanitsanso ndi yofufutidwa pa kuwala kwake. Mabulaketi nawo, omwe VS Code imawapaka yokha kuyambira version 1.67, tinawapatsa mitundu yathu pa editorBracketHighlight.foreground1 mpaka 6. Mukapanda kutero, achikasu ndi apinki amangotulukira pakati pa code yodekha.

Amene tinawapempha ngongole yogulira masikirini oyesera n'kutiyankha kuti mitundu si malonda, tikuwauza mwaulemu kuti masikiriniwo alipo, ogulidwa ndi mitundu yomweyo.

Zikomo kwambiri kwa inu amene munatitumizira zithunzi za sikirini m'malo mongoichotsa theme mwakachetechete. Zikomo aphunzitsi amene munaiyesa pa pulojekita, anzathu ovutika kusiyanitsa mitundu amene munayang'ana ma diff mobwerezabwereza osatopa nafe, ndi inu amene mumatsegula "Developer: Inspect Editor Tokens and Scopes" n'kutilembera scope yeniyeni yomwe yaphonya. Lipoti lotero timalikonza tsiku lomwelo. Mabanja athu, amene munapirira ife tikukangana za mitundu iwiri yotuwa ngati phulusa mpaka pakati pa usiku, Mulungu akudalitseni.

Theme ya VS Code ndi yaulere pa Marketplace, ndipo ilinso pa Open VSX kwa ogwiritsa VSCodium. Phukusi lolipira lili ndi ma theme a mapulogalamu ena olembera code: ya Neovim yolembedwa mu Lua yogwirizana ndi Tree-sitter, ya JetBrains, mitundu 16 ya terminal, komanso theme yowala ya masana. Pa Neovim kumbukirani kuyatsa termguicolors, apo ayi mudzaona mitundu yomwe si yathu. Amene munagula kale, 2.0 mwalandira popanda kuwonjezera ndalama.