Mtima wa wodwala khansa tiziupima mankhwala asanayambe

Sabata ino m'kalasi anatipatsa nkhani yongoyerekeza ya mayi wa zaka 45, kuti tiwerengere mwayi woti adzadwale mtima. Sasuta fodya, alibe shuga, magazi ake sathamanga. Ndinalowetsa zonsezi m'chowerengera cha Framingham, chochokera ku kafukufuku amene anayamba mu 1948 ku Massachusetts, ndipo chinati chiopsezo n'chochepa. Kenako mphunzitsi anawonjezera kuti mayiyu ali ndi khansa ya bere lakumanzere, ndipo adzalandira mankhwala a khansa otchedwa doxorubicin, pambuyo pake ena otchedwa trastuzumab, komanso radiotherapy (chithandizo chowotcha khansa ndi cheza). Ndinafufuza poti ndilembepo zimenezi, koma m'chowerengeramo munalibe malo.

Apa m'pamene mutu unandiima. Doxorubicin amapha maselo a khansa, koma amavulazanso mnofu wa mtima, ndipo chofunika si mlingo wa tsiku limodzi ayi, koma wonse umene munthu walandira pa moyo wake. Malangizo a European Society of Cardiology a 2022 amaika m'gulu la chiopsezo chachikulu munthu amene wafika 250 mg/m² (mamiligalamu 250 pa sikweya mita iliyonse ya thupi lake). Mtima ungayambe kufooka patapita zaka, khansa itatha kale. Trastuzumab nayenso amafooketsa mtima, ngakhale kuti nthawi zambiri umabwerera mwakale akaimitsa mankhwalawa. Za radiotherapy, kafukufuku wa mu 2013 pa amayi a ku Sweden ndi Denmark anapeza kuti gray (muyeso wa cheza) imodzi iliyonse yofika pamtima imakweza chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima ndi 7.4 peresenti.

Chimene chandikhudza kwambiri ndi sikani ya echo. Imasonyeza gawo la magazi amene mtima umatulutsa pa kugunda kumodzi. Tinene kuti pakati pa chithandizo mayiyu wapezeka ndi 52 peresenti. Ngati anayamba ndi 54, palibe chodetsa nkhawa kwenikweni. Ngati anayamba ndi 66, mtima ukutsika ndithu. Koma ngati sanamupime poyamba, nambalayo ilibe poiyerekezera, ndipo dokotala amangopapasa mumdima pomwe wodwala akumva bwinobwino.

Ndimadandaula ndikamva ena akunena ngati kuwerengera kumeneku n'kofuna kumana munthu mankhwala. Khansa iyenera kuthandizidwa basi. Cholinga n'chodziwa amene afunika kumuunika pafupipafupi, kumuyeza troponin (puloteni yosonyeza kuti mnofu wa mtima wavulala) m'magazi, kapena kumuyambitsa mankhwala oteteza mtima msanga.

Yankho langa ndalilembanso pogwiritsa ntchito mndandanda woyezera chiopsezo wa HFA-ICOS (mabungwe a akatswiri a mtima ndi khansa) wa mu 2020, umene umafunsa za mankhwala a khansa. Pamwamba penipeni ndalemba kuti mayiyu apimidwe echo ndi ECG (chipimo cha kagundidwe ka mtima) asanalandire drip yoyamba.