Ulendo wa ku Namwera ndi ku Chiponde: woganiziridwa za uchigawenga akaweruzidwe kuti?

Gulu lathu la anthu ongodzipereka kuthandiza anzathu pa nkhani za malamulo pano pa boma la Mangochi linapita kukacheza ndi anzathu a chitetezo cha m'midzi ku Namwera ndi ku Chiponde. Ndalemba lipotili kuti inu amene munatsala mumve zimene tinakambirana, makamaka nkhani ina imene sinali n'komwe pa ndondomeko koma inatitengera masana onse.

Tinanyamuka m'mawa pa minibasi, kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, n'kuyamba kukwera mapiri a ku Chowe. Anzathu anatilandira bwino pabwalo la amfumu. Panali a shehe, abusa, amayi ochita malonda pamalire ndi anyamata a kabaza, ndipo kucheza kunkayenda m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe. Chigawo cham'mawa tinakamba za mikangano ya malo, maukwati a ana, komanso kukumbutsana kuti belo ya kupolisi salipira. Kenako anatitengera ku chipata cha Chiponde. Kungodutsa pamenepo wayamba ulendo wa ku Mandimba, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Anationetsanso tinjira tachidule timene anthu amadutsa popita kumunda, kumaliro kapena kuchigayo, pakuti mabanja ambiri kumeneko ali ndi abale mbali zonse ziwiri.

Titabwerera kubwalo, mnyamata wina wa kabaza anafunsa funso limene linasintha msonkhano wonse. Anati iye amanyamula aliyense amene walipira. Nanga tsiku lina atanyamula mlendo, pambuyo pake n'kumveka kuti mlendoyo ankapita kukalowa gulu la zigawenga ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique, iye adzamugwira ndani, ndipo adzakayankha mlandu kuti? Mantha akewo si a chabe. Nkhondo ya ku Cabo Delgado inayamba mu October 2017 ku Mocímboa da Praia, mu March 2021 zigawengazo zinalowa m'tauni ya Palma, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho zinafika ku Mecula, komwe ndi ku Niassa. Mecula ndi kutali ndi Mandimba, koma anthu a m'malire amamva nkhanizi kwa abale awo, osati pa wailesi pokha.

Woyamba kuyankha anali bambo wina amene anapuma pa ntchito ya usilikali. Iwo anati munthu woganiziridwa za uchigawenga asamapite kwa majisitireti ngati wakuba mbuzi, koma azipita ku khoti la asilikali. Anapereka zifukwa zomveka. Mboni ya m'mudzi singaime pagulu n'kuloza munthu amene anzake ali ndi mfuti kuseri kwa phiri. Nkhani zina za chitetezo sizoyenera kunenedwa pamene aliyense akumva. Makhoti athu amachedwa, milandu imangoimitsidwa, ndipo woganiziridwa akatuluka pa belo kuno kumalire, kuwoloka n'kwa mphindi zochepa. Ambiri anawomba m'manja, ndipo sindikuwanena, chifukwa bamboyu ankalankhula ngati munthu amene anaonapo nkhondo ndi maso.

A shehe anapempha kulankhula, n'kutikumbutsa za June 2003. Amuna asanu achisilamu ochokera kunja, awiri a ku Turkey, wina wa ku Kenya, wina wa ku Saudi Arabia ndi wina wa ku Sudan, anagwidwa ku Blantyre powaganizira kuti ankagwirizana ndi gulu la zigawenga la al-Qaeda. Khoti Lalikulu linaletsa kuti anthuwo atulutsidwe m'dziko muno, koma boma linawatulutsabe n'kuwapereka m'manja mwa anthu a ku America. Mkwiyo wake unadzaphulikira kuno kwathu ku Mangochi, matchalitchi n'kuonongedwa, anthu amene ankamwa madzi pa mjigo umodzi n'kuyamba kuyang'anana ndi diso lofiira. Patapita milungu ingapo amuna aja anamasulidwa ku Sudan popanda mlandu uliwonse. A shehe sanaikire kumbuyo amene anaphwanya matchalitchi. Anangoti amunawo akanaonekera m'khoti, umboni n'kumveka poyera, mphekesera sizikanapeza poswera.

Msilikali uja anayankha kuti imeneyo sinali nkhani ya khoti la asilikali, koma ya kusowa khoti kumene. Ananena zoona. Koma apa m'pamene mphunzitsi wina wopuma wa m'gulu lathu anaimirira, n'kunena kuti a Malawi tinalawapo kale makhoti apadera a milandu ya chitetezo, ndipo kukoma kwake tikukudziwa. M'nthawi ya Kamuzu Banda, makhoti a miyambo anapatsidwa mphamvu yoweruza milandu ya kupha ndi kuukira boma. M'makhoti amenewo loya sankaloledwa. Albert Muwalo anaweruzidwa kumeneko mu 1977 n'kunyongedwa. Orton Chirwa, amene anali nduna yoyamba ya zachilungamo, ndi mayi Vera Chirwa, onse maloya odziwa ntchito, anagamulidwa kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, Orton n'kufera m'ndende ya Zomba mu 1992. Aphunzitsiwo anawonjezera kuti kuno ku Mangochi mawu oti chigawenga ali ndi mbiri yake. Henry Masauko Chipembere ataukira boma mu February 1965 kuchokera kuno ku Fort Johnston (dzina lakale la Mangochi) n'kukalepherera pa doko la Liwonde, mawuwa anagwera anthu ambiri a m'midzi amene mlandu wawo unali kungokhala abale kapena anansi a anthu ake. Agogo ena amene anakhala chete tsiku lonse anagwedeza mutu pamenepa, ndipo bwalo linazizira.

Nditapatsidwa mpata ndinanena mbali yanga, ndipo ndikuibwereza pano mosabisa: woganiziridwa za uchigawenga, ngati si msilikali, aweruzidwe m'khoti wamba. Khoti la asilikali analikonza kuti lizisunga mwambo pakati pa asilikali okhaokha, ndipo amene amakhala pa mpando ndi akuluakulu a gulu lomwelo limene likumenyana ndi zigawengazo. Munthu sangakhale wodandaula ndi woweruza pa mlandu umodzi.

Komanso nkhani yoti makhoti a asilikali amafulumira sikugwirizana ndi zimene zinachitika ku dziko limene linawayesa kwambiri. America inatsegula ndende ya asilikali ya Guantanamo, pa chilumba cha Cuba, mu January 2002, ndipo anthu pafupifupi 780 anadutsamo. Ambiri anatulutsidwa osaimbidwa mlandu. Khalid Sheikh Mohammed, amene amamuganizira kuti anakonza chiwembu cha ku America cha pa 11 September 2001, anagwidwa mu 2003, koma zaka zoposa 20 zadutsa mlandu wake m'khoti la asilikali usanagamulidwe, ndipo china chimene chaukoka ndi chakuti anazunzidwa pomufunsa mafunso. Yerekezani ndi Ahmed Ghailani wa ku Tanzania, amene anakhudzidwa ndi mabomba a pa 7 August 1998 pa maofesi a kazembe wa America ku Nairobi ndi ku Dar es Salaam, pomwe anthu 224 anafa. Iyeyu anamuchotsa ku Guantanamo mu 2009, mlandu wake n'kuzengedwa m'khoti wamba ku New York mu 2010. Khotilo linakana mboni ina yofunika chifukwa dzina lake linapezeka pomukakamiza Ghailani, ndipo anamupeza wolakwa pa mlandu umodzi wokha mwa yambirimbiri. Komabe mu January 2011 analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Nkhani inatha, ndipo palibe anganene kuti anamuphera ufulu. Ku Kenya nako, amene anathandiza chiwembu cha pa yunivesite ya Garissa mu 2015, pomwe anthu 148 anaphedwa, anaweruzidwa m'khoti wamba mu 2019.

Ku Uganda ndiye kumaonetsa kumene njira inayo imathera. Makhoti a asilikali akhala akuweruza anthu wamba, mpaka Kizza Besigye wotsutsa boma anakaimikidwa kumeneko. Mu January 2025 khoti lalikulu kwambiri m'dzikomo linagamula kuti zimenezo n'zosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, koma pasanathe miyezi yambiri aphungu anakonza lamulo lina lotsegulanso khomo lomwelo. Khomo lotsegulira zigawenga salondera, mawa mumalowa wandale, mkuja mtolankhani.

Tinawerengera limodzi gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lathu. Womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chiyankhulo chimene akumva, akhale ndi loya, asakakamizidwe kuvomera mlandu, ndipo aonekere m'khoti pasanathe maola 48. Gawoli silinena kuti kupatula amene akuganiziridwa mlandu woopsa. Anyamata a kabaza anapempha kuti tilibwerezenso m'Chiyao, ndipo mmodzi wa anzathu a ku Namwera anatanthauzira.

Mfundo imene inandigwira mtima kwambiri inachokera kwa mayi wina wogulitsa nyemba ndi chimanga pamalirepo. Anati amene angayambe kuona mnyamata akusintha khalidwe, kapena mlendo wolonjeza ntchito za kutali ndi ndalama zambiri, ndi mayi wake kapena mlongo wake, osati msilikali. Mayi ameneyo akadziwa kuti mwana wake akaonekera m'khoti, iye n'kukhala pa benchi kumva zonse, angathe kupita kwa amfumu kapena kupolisi. Koma akadziwa kuti mwanayo akalowa m'kampu n'kusamvekanso, adzatseka pakamwa mpaka kufa. Palibe amene anawatsutsa, ngakhale msilikali uja.

Sitinagwirizane zonse. Bambowo anaumirirabe kuti mboni za kumalire zilibe chitetezo ndiponso kuti anthu amakhalitsa pa limandi, ndipo ife amene timayendera anthu m'zitokosi sitingakane. Milandu ikuluikulu ya kuno imadikira Khoti Lalikulu, ndipo maloya a boma othandiza osauka ndi ochepa poyerekeza ndi ntchito. Kwa ine zimenezi zikutanthauza kuti tilimbane ndi kukonza makhoti amene tili nawo, kuphatikizapo njira zobisira mboni imene moyo wake uli pachiswe.

Tinagwirizana kuti gawo 42 tililembe mwachidule m'Chichewa ndi m'Chiyao kuti likagawidwe pa masiteji a kabaza, m'mizikiti ndi m'matchalitchi. Anzathu a ku Namwera ndi ku Chiponde adzabwera kuno ku boma kudzakhala nafe m'khoti la majisitireti kuti adzaone okha mmene mlandu umayendera, ndipo msilikali uja wati adzakhala nawo pa ulendowo. Amene mungathe kulandira mlendo kunyumba kwanu, kalembetseni kwa mlembi wa gulu.