Mpikisano wa zombo za mumlengalenga, woyendetsa ali ku Kapata

Amene anandilowetsa m'zimenezi ndi mlamu wanga. Tinali pakhonde ku Kapata, mu Chipata, malaiti atapita kuyambira m'mawa, iye n'kuti, "Alamu, inu mumangodzitama kuti palibe angakugwetseni mukakwera A-wing. Bwanji osaitana anthu tione?" Ine ndinavomera pakamwa chabe. Sabata isanathe, dzina langa linali litazungulira kale m'magulu a WhatsApp kuti ndine wokonza mpikisano.

Masewera ake ndi a pakompyuta, Star Wars: Squadrons, amene anatuluka mu Okutobala 2020. Umakhala m'kati mwa chombo chankhondo, monga A-wing ija, ndipo mphamvu ya chombocho umaigawa wekha: ku injini, ku mfuti, kapena ku chishango. Mbali zilipo ziwiri, New Republic ndi Empire. Zimene zinandilimbitsa mtima n'zakuti wa PlayStation, wa Xbox ndi wa kompyuta amatha kukumana m'bwalo limodzi, komanso kuti kuyambira Disembala 2020 muli custom match, pamene umatsegula bwalo lakolako n'kuitana anthu amene ukuwafuna. Popanda zimenezo sindikanayamba n'komwe.

Ndinayamba n'kuwerenga mitu. Masewerawa anawakonza kuti azikhala asanu mbali iyi, asanu mbali inayo. Koma mu Chipata monse, kuyambira ku Mchini mpaka ku Kalongwezi, anthu amene ndinawapeza kuti ali nawo sanakwane khumi. Ndiye ndinatsitsa: atatu atatu. Ndinasiyanso Fleet Battles, ija mumalimbana mpaka kuphwasula chombo chachikulu cha adani, Star Destroyer kapena MC75, chifukwa imatenga nthawi ndipo anthu atatu sangaikwanitse bwino. Tinatenga Dogfight, kungogwetsana basi. Matimu anapezeka 6: awiri a mu Chipata muno, imodzi ya anyamata a ku Katete ndi Petauke ataphatikizana, ina ya ku Lusaka, ina ya ku Lilongwe, ndi ina ya ku Nairobi imene inabwera kudzera mwa mnzake wa mlamu wanga.

Fomu yolembetsera ndinailemba kawiri. Yoyamba inali ndi dzina la timu, EA ID (dzina la akaunti yolowera m'masewerawa) ya wosewera aliyense ndi makina amene akugwiritsa ntchito. Ndinkaona ngati ndamaliza. Kenako mnyamata wa ku Katete anandifunsa kuti, "Akulu, nanga tikasewera nthawi yanji? Kwathu malaiti amabwera pakati pa usiku." Umu munali mu 2024, chaka chimene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo load shedding inatikhaulitsa tonse. Ndinaonjezera mafunso atatu: malaiti amabwera nthawi yanji kwanuko, muli ndi sola, batire kapena jenereta, ndipo intaneti yanu ndi ya rauta kapena mumakoka pafoni. Mayankho ake ndinawalemba papepala lalikulu la kalendala yakale, chakumbuyo kwake, timu iliyonse mzere wake, maola ali pamwamba. Pamene mizere iwiri inali ndi malaiti nthawi imodzi, pamenepo ndi pamene ndinaika masewero. Pepala limenelo linagwira ntchito kuposa china chilichonse chimene ndinapanga pakompyuta.

Ndondomeko ya yemwe akumane ndi yani ndinaipangira pa Challonge, webusaiti yokonzera mipikisano. Apa mpofunika kuwerengera musanasankhe. Ndi matimu 6, mukati wogonja kamodzi watuluka, masewero amakhala 5 okha. Mukati aliyense akumane ndi aliyense, amakhala 15, ndipo ndi malaiti athu aja tikanafika nawo ku mwambo wa Nc'wala wa mu Febuluwale. Ine ndinasankha yapakati, yakuti utuluke utagonja kawiri, imene imapereka masewero 10 kapena 11. Chifukwa changa chinali chimodzi: kuno munthu atha kugonja osati chifukwa wachepa, koma chifukwa nyumba yake yada. Woteroyo ayenera kupatsidwa mpata wina. Popeza ndondomekoyi imakwanirana bwino ndi matimu 8 pamene ife tinali 6, matimu awiri anayenera kudumpha ndime yoyamba osasewera. Kuti pasakhale zonena, ndinalemba mayina m'zitsekerero za mabotolo, n'kuziika m'chipewa, mwana wanga wamkazi n'kutola maere ine ndikujambula vidiyo.

Za ndalama zinandiseketsa pambuyo pake, koma tsikulo sizinali zoseketsa. Ndinalemba kuti timu iliyonse ipereke K50 yoti tidzagawire opambana. A ku Lilongwe anayankha msanga kuti, "Zotchipa chonchi?" Ndinadabwa. Iwo ankawerengera kwacha yakwawo. Kuyambira pamenepo ndimalemba ZMW, kutanthauza kwacha ya Zambia, osati K. Ndalama zawo zinabwera ndi msuweni wanga amene amadutsa pa Mwami kawirikawiri ndi katundu wake; ena onse anatumiza pafoni.

Nthawinso inatipunthwitsa. Ife timati 20 hours, a ku Malawi amati 8 koloko usiku, koma wotchi ndi imodzi, palibe vuto. Vuto linali Nairobi, amene ali ola limodzi patsogolo pathu. Ndinalemba 20:00 osanena ya kuti, ndipo anyamata aja anakhala m'bwalo okha kwa ola lathunthu akuganiza kuti tawathawa. Pa Discord, pulogalamu imene tinkalankhuliranapo posewera, pali njira yolembera nthawi yoti aliyense aziiona m'wotchi ya kwawo. Ndinaiphunzira usiku womwewo.

Kutatsala tsiku limodzi tinachita zoyeserera, ndipo ndikulangiza aliyense kuti asadumphe zimenezi. M'pamene tinaona kuti wina sanatsitse update, wina wa PlayStation analibe PlayStation Plus yomulola kusewera pa intaneti, ndipo ine ndemwe chombo changa chinkadumphadumpha ngati chule chifukwa ana anali pa YouTube kuchipinda. Ndinagula chingwe cha Ethernet cholumikizira makina ku rauta, rautayo n'kuiika pawindo, ana n'kuwanyengerera ndi zitumbuwa.

Malamulo ndinawalemba, ndipo ndinkadziona ngati katswiri. Wopambana kawiri mwa katatu ndiye wapitirira. Mukamaliza ulendo umodzi mumasinthana mbali, chifukwa zombo sizofanana: za New Republic zonse zili ndi chishango, pamene TIE fighter, TIE interceptor ndi TIE bomber za Empire zilibe, zimadalira kuponyera mphamvu yonse ku injini kapena ku mfuti. TIE defender, imene ili ndi chishango ndipo ikagwidwa ndi wodziwa imavuta kuigwetsa, ndinati imodzi yokha pa timu. Makaputeni onse awiri azitumiza chithunzi cha zigoli akangomaliza. Wochedwa mphindi 15 wagonja. Zonsezo zinali bwino. Lamulo limene linali lofunika kwambiri ndi limene sindinalembe.

Zinachitika m'ndime yolowera ku fainolo, timu yanga ikulimbana ndi ya ku Katete. Aliyense anali atapambana kamodzi. Ulendo wachitatu tinali m'bwalo la Nadiri Dockyards, iwo ali patsogolo ndi zigoli zinayi. Ndinali kumbuyo kwa kaputeni wawo, ndamutsekereza pakati pa zitsulo za doko, ndikungoyembekezera kuti mzinga ugwire. Mwadzidzidzi chombo chake chinasiya kukhota, chinapita molunjika n'kukadziwomba pakhoma. Mawu ake pa Discord anadukanso. Malaiti anali atapita kwawo nthawi isanakwane. Otsala awiri aja tinawapanikiza atatu, n'kupambana.

Foni inayamba kulira ndisanavule n'komwe mahedifoni. Iwo akuti tibwereze, tinali patsogolo. Anzanga akuti ayi, kaputeniyo anali atafa kale, mzinga unali m'njira. Wa ku Lusaka, amene nkhaniyo sinamukhudze, akuti mukalola kubwereza, mawa aliyense akaona kuti zamuvuta azingozula chingwe. Onse ankanena zoona. Ndipo woweruza anali ine, yemwenso ndinali wopindula. Mlamu wanga anangoti, "Alamu, mwalira mvula, matope ndi awa."

Ndinasiya nkhaniyo m'manja mwa makaputeni atatu a matimu amene sanali m'mkanganowo, ine n'kutuluka m'gulumo kwa theka la ola. Anagamula kuti tibwereze mawa lake, a ku Katete ayambe ali ndi zigoli zawo zinayi zowerengera pamanja. Anzanga sanandilankhule usiku umenewo. Ine ndinakhala pansi ndi kandulo n'kulemba zimene ndinayenera kulemba poyamba. Wina akaduka mphindi ziwiri zoyambirira, mumayambiranso. Akaduka pambuyo pake, mumaima, aliyense ajambule zigoli, ndipo timu yake ili ndi mphindi 10 kuti abwerere kapena alowe wapabenchi amene analembetsedwa kale. Timu iliyonse ili ndi mwayi umenewu kamodzi kokha pa masewero onse atatu, kuti ozula zingwe asapezerepo danga. Wodukayo atumize kavidiyo kosonyeza mdima m'nyumba mwake kapena rauta itazima. Ndipo wokonza mpikisano akakhala kuti akusewera, milandu ya timu yake aziweruza ena.

Mawa lake kaputeni uja anakwera basi kubwera ku Chipata, PlayStation ili m'chikwama chakumsana atakulunga m'chitenje cha amayi ake, n'kukasewerera kwa azakhali ake ku Moth kumene kuli sola. Anatigonjetsa bwinobwino. Ineyo anandigwetsa kasanu, kawiri konse ndili mu A-wing yanga yomwe ija.

Fainolo inali ya Katete ndi Lilongwe, ndipo pepala la kalendala linasonyeza kuti nthawi yokhayo imene onse asanu ndi mmodzi akanakhala ndi malaiti inali 01:00 usiku wa Loweruka. Tinaonera kudzera pa Discord, mmodzi wa iwo akuonetsa sikirini yake, ine ndi mlamu wanga titaunjikana pafoni imodzi yolumikiza ku power bank. A ku Lilongwe anapambana, ndipo msuweni wanga anawolokanso nayo ndalama ija pa Mwami, ulendo uno yabwerera itachuluka.

Lolemba mlamu wanga ananditumizira uthenga kuti anthu akufunsa za mpikisano wachiwiri, ndipo a ku Lundazi akufuna kulowa nawo. Ndinamutumizira fomu yatsopano, funso la malaiti lili pamwamba penipeni, ndipo pamalo a wokonza ndinalembapo dzina lake.