Ngũgĩ ndamumvetsa tsopano, koma muwayale mabuku ake pamzere

Mtima wakhala pansi. Funso lija loti Ngũgĩ wa Thiong'o, mlembi wa ku Kenya, anasiyiranji kulemba nthano zake zazitali m'Chingerezi n'kuyamba Chikikuyu, chilankhulo chakwawo, yankho lake lili pa mtengambali wamkulu. Za Mau Mau, gulu limene linkamenyana ndi atsamunda ku Kenya, ndi minda imene atsamundawo analanda, sindilowamo pano.

Dulani pepala magawo atatu: nthawi imene buku linalembedwa, nthawi imene nkhani ikuchitika, ndi munthu amene wasenza chiyembekezo cha anzake. Mukangotsata zaka zosindikizira musokera, chifukwa Weep Not, Child inatuluka 1964, The River Between 1965, pamene yoyamba kulembedwa, ali ku sukulu ya ukachenjede ya Makerere ku Uganda, ndi yachiwiriyo. M'mabuku awiriwa mpulumutsi ndi mnyamata mmodzi wodalira sukulu, Waiyaki mu The River Between kenako Njoroge mu Weep Not, Child, ndipo onse zikuwakanika. Mu A Grain of Wheat, ya 1967, kwatsala masiku ochepa kuti Kenya ilandire ufulu pa 12 Disembala 1963, ndipo Mugo, amene mudzi wonse ukumuyesa ngwazi, ndi yemwe anapereka Kihika, womenyera ufulu, kwa azungu. Pofika Petals of Blood mu 1977 nkhani yagawidwa kwa anthu anayi, kumbuyo kwawo kuli mudzi wonse wa Ilmorog.

Mwaona? Ngwazi ikuchepera, khamu likukula. Nanga khamulo lingakhale bwanji mwini nkhani imene silingathe kuwerenga? Chaka chomwecho Ngũgĩ anachita sewero la m'Chikikuyu la Ngaahika Ndeenda ndi alimi ndi antchito a m'mudzi wa Kamĩrĩĩthũ. Kumapeto kwa Disembala boma linamutsekera ku ndende ya Kamiti pafupifupi chaka osazengedwa mlandu, ndipo mommo analemba Caitaani Mũtharaba-inĩ, nthano yake yaitali yoyamba ya m'Chikikuyu, pa mapepala a kuchimbudzi. Decolonising the Mind ya 1986, buku la maganizo ake pa nkhani ya chilankhulo, inangofotokoza zimene nthanozo zinali zitachita kale.

Njira ya magawo atatuyi ndimayesa imagwira pa mlembi aliyense. Chimandiwawa n'choti aphunzitsi ambiri amakupatsa buku limodzi, uloweze atengambali ndi mfundo zazikulu, teremu yatha. Mlembi wa zaka zoposa 50 pa ntchito ungamuone bwanji pa buku limodzi? Nawonso nthawi imawachepera, ndikudziwa, komabe.

Pamene pakundisokoneza ndi pa Matigari, ya 1986 yomweyo. Ndi ya Chikikuyu, koma ngwazi imodzi, Matigari mwiniyo, yabwereranso, moti akuti apolisi anayamba kumufunafuna ngati munthu weniweni. Mwina Matigari ndi khamu lomwe lija litavala thupi limodzi. Mwinanso ndikungokakamiza kuti pepala langa lisawonongeke.