Kutentha thupi kwa mu Januwale ku Salima

Kuno kunyanja mvula ikagwa, munthu wotentha thupi safunsa kuti akudwala chiyani. Amangofika pachipatala n'kunena kuti, "Adokotala, ndipatseni LA," mankhwala a malungo aja. Mu Januwale 2021 zinthu zinasokonekera chifukwa malungo ndi kolona zinabwera nthawi imodzi, ndipo zizindikiro zake zimafanana: kutentha thupi, kuphwanya m'thupi, litsipa.

Ndimagwira ntchito pachipatala china chaching'ono m'boma la Salima. Lolemba tinaika ndowa ya madzi ndi sopo pachipata, mlangizi wa zaumoyo n'kumayeza kutentha kwa aliyense wolowa. Wotsokomola kapena wachimfine tinkamupatsa masiki n'kumukhazika pabenchi ya pansi pa mtengo wa mango, kutali ndi amayi a kusikelo. Ambiri ankadandaula kuti tikuwasala.

Lachiwiri, pa 12 Januwale, wailesi inalengeza kuti nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zamwalira ndi kolona tsiku limodzi, ndipo Pulezidenti Chakwera anati dziko lili pa ngozi. Kutacha, benchi ija inadzadza. Omwe ankati kolona ndi nthenda ya m'tauni anabwera okha, ena akununkha bulugamu ndi ndimu za kufukiza usiku.

Aliyense tinkayamba ndi kumuyeza malungo pachala. Chovuta n'chakuti kupezeka ndi malungo sikutanthauza kuti kolona palibe. Munthu angathe kukhala nazo zonse. Choncho ndinkafunsa: mwapitako kuti? Pakhomo pafika mlendo wochokera ku Joni? Fungo la ndiwo mukulimva? Funso la fungo linkathandiza kwambiri, poti kolona imatha kulepheretsa munthu kumva fungo, pomwe malungo satero. Amene tamukayikira tinkamulowetsa kathonje m'mphuno mpaka misozi, n'kukatumiza ku labu komwe amayeza ndi makina a GeneXpert, omwewo a TB. Zotsatira sizinkabwera tsiku lomwelo, ndipo apa m'pamene panali ntchito yeniyeni.

Lachitatu kunabwera msodzi wina wa cha ku Senga Bay, akutsokomola, malungo alibe, usipa wowamba sakuumva fungo. Ndinamuuza kuti akhale pakhomo osasakanikirana ndi anthu mpaka zotsatira zifike. Anandiyang'ana kwa kanthawi.

"Adokotala, ndikapanda kupita panyanja usiku uno, ana adya chiyani?"

"Bambo, m'bwato mumakhalamo ndi anzanu. Mukawapatsira, chilimira chikoka ndani?"

Sanayankhe. Malangizo a boma ankati wodwala agone chipinda chayekha, adye m'mbale yakeyake, ndipo amene anakhudzana naye abindikire masiku 14. Papepala n'zomveka. Koma nyumba yake inali ya chipinda chimodzi, momwe amagonamo ndi akazi awo ndi ana. Ine ndimaona kuti kubindikiritsa munthu wodya za tsiku ndi tsiku popanda kumupatsa ufa n'kumupempha kuti atinamize. Tinagwirizana zoti azigona pakhonde m'neti, avale masiki, ndipo mlamu wake amugwirire malo m'bwato, azigawana nsomba. A nyakwawa anavomera kuyang'anira.

Lachinayi linatha ndi malungo a ana ndi malipoti. Agogo ena anafika akubanika, mpweya m'magazi watsika kwambiri. Amenewo sitinadikire zotsatira, tinawatumiza kuchipatala chachikulu komwe kuli okisijeni. Achibale awo ankakana, poti kunali mphekesera yoti wopita ku tenti ya kolona sabwerako, ndipo maliro ake saikidwa mwamwambo. Anavomera titawauza kuti mwana wawo wamkulu azimva za agogowo pafoni.

Zotsatira za msodzi uja zinafika Lachisanu masana: ali nako kachilombo. Mlangizi wa zaumoyo anakwera njinga kupita kudoko kukalemba mayina a amene anali naye m'bwato. Anapeza awiri apita kale kukagulitsa usipa ku Lilongwe, ndipo tinatumiza uthenga kwa anzathu a kumeneko kuti awafufuze.